Kuwerenga Chobwerera

Lolemba ndinauza ana,
mawa aliyense abwere ndi zitsekerero za mabotolo,
tiphunzire kuwerenga.
Mkombaphala wathu kuno ku Mtandire ulibe mabuku,
uli ndi mphasa zinayi, makapu khumi ndi awiri
ndi ine.

Lachiwiri anabwera nazo atafumbata,
wina zitatu, wina ziwiri,
wina mwala, poti kwawo sagula zakumwa.
Ndaziona anabwera ndi jumbo yodzaza,
akuikoka pansi ngati mbuzi yokana kumsika.
Atakhuthula, fungo linayankha ndisanafunse.
Zonse zofiira, zonse za mtundu umodzi.

"Wazitola kuti?"
"Pansi pa bedi la ababa. Zikadalipo zambiri."
Anzake anamusirira.
Tsiku limenelo mwana wa zaka zinayi
anawerenga mpaka makumi atatu,
ine ndikuwomba m'manja, kukhosi kuli gwa.

Ndipamene ndinamvetsa masanje ake.
Iye akakhala bambo amadzandira,
amaponda chitseko chongoyerekeza,
"Tsegula iwe!"
ndi mawu oposa chifuwa chake.
Ana amagwa nacho chiseko.
Nane ndinkaseka nawo, ndisaname.

Madzulo ndinalumpha ngalande, kuseri kwa chigayo.
Nangondo ankaunjika makala m'timilu pakhonde,
diso limodzi lotupa.
"Ndinagunda chitseko," anatero,
chitsekocho chili cha chiguduli.
A Gelesomu anali chogona.
Njinga yawo ya kabaza inali pa chikole ku shabini
sabata yachitatu.

Sindinapite ndi ulaliki,
alaliki anadutsamo kale m'nyumba imeneyo.
Ndinangoti katungwe wa ana waduka chingwe,
ndamva kuti muli ndi manja.

Anabwera Lachinayi, maso ali psuu.
Mfundo inawakana katatu, zala zikunjenjemera.
Kachinayi inagwira.
Ndaziona anakwera woyamba,
akukuwa m'mwamba kuti mzinda wonse umve,
mpaka nyumba za mipanda kutsidya ku 47:
"Amanga ndi ababa anga!"
Bamboyo anayang'ana kumbali,
nati fumbi la kuno limalowa m'maso.

Tsopano Lachinayi lililonse ana akaweruka
makolo amakhala pa mphasa zomwezo,
mawondo kufika m'makutu.
A Kalonjere a zaumoyo amabwera ndi kope lawo lonyowa thukuta.
Amakamba za chiwindi,
za kamwana kotumidwa kukagula kabotolo
kamene kamanyambita chitsekerero panjira,
za chamba chobisidwa m'chitini cha machesi.
Amuna amabwera atatu, mwina asanu.
Wina amabwera ataledzera, timamupatsa malo ndithu.
Amayi a banki mkhonde anakangana sabata ziwiri
asanavomere kuwombola njinga ija.

Musandifunse ngati anasiya.
Pakutha pa mwezi anagwanso,
ndinawapeza m'matope pafupi ndi mjigo, nsapato imodzi palibe.
Nangondo anagona kwathu usiku umenewo,
mwana pakati pathu, akukukuta mano kutulo.
Lachinayi lake anabwera a Gelesomu,
nakhala kumapeto kwa mphasa
osayang'ana munthu.
Palibe amene anawafunsa.
A Kalonjere anangowapatsira kapu ya madzi.

Ndaziona amabwerabe ndi zitsekerero Lachiwiri,
sindinamuletse.
Mwezi wa mvula zoyamba zinali khumi ndi zisanu ndi ziwiri.
Kenako khumi ndi chimodzi.
Kenako khumi ndi zinayi.
Dzulo wabwera atakwinya nkhope,
natambasula kadzanja: zitatu.
"Aphunzitsi, zikutha. Ndiwerenga chiyani?"

Ndamutuma kuseri kwa tchalitchi
akatole njere za bwemba zimene anzake amalavula.
Wabwera nazo m'malaya, zomata, zodzaza nyerere.
Takhala pansi.
Tayambanso pa chimodzi.